Chipinda Chimene Ndinakopa pa Fulashi

Lolemba, 2 Seputembala

Tsiku loyamba pa Senta. Fumbi mpaka m'mano. Ofesi yake kachipinda kuseri kwa tchalitchi konkuno ku George, komboni ya mu Lusaka, zenera limodzi, mipando iwiri, winawo wa miyendo itatu ndi njerwa. Ine Luse, amene ndinaphunzira kulemba mapulogalamu pa laputopu yong'aluka pakona, lero ndili ndi kiyi wa ofesi. Amayi anandipempherera pakhomo ngati ndikupita kunja kwa dziko, chonsecho ndi ulendo wapansi wa mphindi khumi.

Senta ndi ya odwala TB. Mwini zonse ndi ba Cathrine, nesi wopuma pantchito, wa maso oyeza magazi ako osakubaya. Odwala amatenga mankhwala a masabata awiriawiri mpaka itakwana miyezi isanu ndi umodzi. Kale ankabwera onse nthawi imodzi, mzere mpaka kumsewu, anthu a pa kiyosiki ya madzi n'kumawerenga nkhope. Ambiri anasiya chifukwa cha manyazi. Ndiye lamulo linasintha: aliyense adikire meseji. Imabwera Lachiwiri, imanena ola lake la Lachinayi, sitchula matenda. Munthu amalowa yekha pakhomo lakumbali ngati wabwera kudzaona abusa. Popanda meseji, osabwera.

Mameseji amatumizidwa ndi kompyuta yakale ili pakona, ya batire ndi sola, yokhala ndi kamodemu ka simu. Pulogalamu yake analemba ndi ba Kapembwa zaka zinayi zapitazo asanapite kumigodi ku Solwezi. Anasiya pepala pa sikirini lomata ndi selotepi: OSAGWIRA. Ba Cathrine analiloza kawiri. "Iyi kompyuta ni moyo wa bantu, mwana wanga. Ikasila, tasila." Ndiye kuti ikatha, tatha.

Ntchito yanga: pulogalamu ina yoti odwala azitha kuyankha meseji. Miyezi itatu yoyesedwa.

Anandilumbiritsa, dzanja pa Baibulo, kuti dzina lililonse limene ndione m'kompyuta lifere m'mimba mwanga. Odwala anauzidwa kuti mayina awo amawaona ndi ba Cathrine okha. Ndinalumbira mosavuta. Kenako ndinatsegula mndandanda. Nambala 23, Deborah, mwezi wachisanu. Deborah wanga, wa vitumbuwa pafupi ndi kiyosiki, amene tinakhala desiki imodzi kuyambira giredi 3. Miyezi yonseyi ankati ndi chifuwa cha utsi wa mbaula, ine n'kumuuza kuti azimwa mandimu. Pobwerera kunyumba ndinadzera njira ina.

Lachitatu, 4 Seputembala

Ku Kalingalinga kwa Dumi, mnzanga wa zamakompyuta, mabasi awiri. Kwawo kuli intaneti ya mlongo wake, n'chifukwa chake ndimapirira nkhani zake. Magetsi anali atabwera, ndiye owotcherera zitsulo msewu wonse anagwira nthawi imodzi. Tinkalankhula mokuwa.

Dumi amagwira ntchito pa kampani ya m'tauni ndipo amafuna aliyense adziwe. Koma zinthu amazidziwadi. Nditamuuza kuti pulogalamu yanga ikakhala m'kompyuta imodzi ndi ya ba Kapembwa, anaika kapu pansi. "Iwe, usaike vintu vako pa yadi. Panga chipinda chako."

Kufotokoza kwake, ndilembe ndisanaiwale. Pulogalamu siyenda yokha, imabwereka tizidutswa tolembedwa ndi anthu ena, timene amati mapakeji. Ukangolemba pip install, pakeji imagwera pabwalo la kompyuta yonse, pamene pulogalamu iliyonse imatola. Ukabweretsa yatsopano imaphimba yakale, ndipo amene ankadalira yakaleyo amadzuka n'kupeza zinthu zasintha osauzidwa. Njira yopewera ndi venv: foda yokhala ndi Python wake, woyendetsa mapulogalamu, ndi mapakeji akeake. "Monga pa yadi ya lendi. Pompi ni imozi, koma mapoto aliyense mu nyumba mwake."

Tinapanga pa laputopu yanga. python -m venv mayankho. Nditachiyatsa, kumayambiriro kwa mzere kunatuluka dzina: (mayankho). Dumi anati, "Ukaona ichi ninshi uli mukati. Chita vamene ufuna, kulibe chizaonongeka panja." Ndinaikamo mapakeji asanu ndi awiri, kuphatikizapo yolankhula ndi modemu, mtundu watsopano wotha kulandira mayankho. Ba Kapembwa amagwiritsa yomweyo koma ya kalekale.

Ndinadzimva kuti ndakula. Pobwera ndinagula vitumbuwa kwa Deborah, kuopa kuti angadabwe ndikamamuzemba. Wanenepa, masaya abwerera. Sindinamuyang'ane m'maso. Anati, "Bakupasa kiyi ya ofesi manje wayamba kuzimvela." Ndinaseka mopitirira muyeso.

Lachisanu, 6 Seputembala

Ku ofesi kulibe intaneti. Bandulo ya pa foni yanga yatsala pang'ono, mwezi udakali wakhanda. Ndiye ndinachita zimene aliyense kuno amachita ndi mafilimu ndi nyimbo za kwaya: fulashi. Foda yonse ya mayankho, chipinda ndi katundu wake yemwe, kukopa kuchoka pa laputopu kupita m'kompyuta ya pakona. Foda ndi foda basi.

Kuchiyatsa, (mayankho) n'kutuluka pamalo pake mwaulemu. Ndili mkati.

Koma pulogalamu inakana. Akuti pakeji ya modemu ndi yakale. Yakale bwanji poti ndinaiika ndekha dzana? Ndinaimba mlandu fulashi, yogula pamsewu ija, kuti yadumpha mafayilo ena. Ndinalumikiza foni n'kutsitsa pakeji imodzi yokhayo. pip analemba mizere yambirimbiri, wina wachikasu pakati. Batire ya sola ikulira, ba Cathrine ali pakhomo ndi loko m'manja. Sindinawerenge. Mzere womaliza unati zatheka, ndipo pulogalamu yanga inayenda. Ndinadzitumizira meseji, kuyankha, yankho n'kufika. Ndinavina ndili pampando mpaka njerwa inasuntha.

Pepala la ba Kapembwa likundiyang'ana. Ndinaliuza kuti zako sindinagwire, ine ndili m'chipinda changa.

Lachiwiri, 10 Seputembala

M'mawa kamodemu kanaphethira, mameseji a gulu la sabata ino akutuluka. Ndinaima pafupi mpaka kanasiya. Ngati kanasiya msanga kuposa sabata yatha. Kapena ayi, sindinayang'ane wotchi.

Madzi pa kiyosiki anatha 9 koloko. Miyendo ya amayi yatupanso. Kutentha uku si kwa Seputembala.

Lachinayi, 12 Seputembala

Oyembekezeka 24. Afika 17.

Ba Cathrine sanadabwe kwenikweni. "Aba bantu bakayamba kunenepa baibala njila ya kuno. Tizabalondola sabata ibwela." Akuti zimachitika, ngakhale asanu ndi awiri tsiku limodzi ndi ambiri.

Nambala 23 sanabwere. Ola lake linali hafu pasiti teni. Ndinakhala mu ofesi chitseko chotseka kuti asandione, khutu lili kukhomo lakumbali, mpaka 12 koloko. Paketi yake inabwerera m'kabati pamodzi ndi zina zisanu ndi imodzi. Mapilitsi amene anatenga ulendo watha anatha dzulo. Ndawerenga pa kalendala kawiri.

Ndinafunsa, ngati wongofuna kuphunzira, kuti munthu akadumpha chimachitika n'chiyani. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Tsiku limodzi kapena awiri si nkhani yaikulu. Masabata, tizilombo timatha kudzuka, ndipo nthawi zina timadzuka titawazolowera mankhwala. Zikatero mapilitsi awa sagwiranso, pamafunika ena owawa kwambiri, ndipo si onse amene amafika kumapeto. "TB uja wachibili sabwela kuseka," anatero, n'kutseka kabati.

Ndilibe njala. Amayi akuti ndi ntchito ya mu ofesi, ikundisandutsa mzungu.

Lachisanu, 13 Seputembala

Mchimwene wa ba Cathrine wamwalira ku Kasama. Anyamuka masana ano, abwera pakapita sabata ndi masiku. Mankhwala azipereka azimayi awiri a mpingo. Kulondola osabwera ndiye kwaima, poti nyumba za odwala amazidziwa ndi iwo okha.

Lachiwiri, 17 Seputembala

Deborah pa kiyosiki, zigubu ziwiri, akuimba. Tsiku lachisanu ndi chimodzi wopanda mankhwala.

Akupita ku Mumbwa Loweruka. Apongozi ake anagwa n'kuthyoka mwendo, mlamu wake wangobereka kumene, palibe wotunga madzi ndi kuphika. Akakhala kumeneko mpaka mvula. Mwamuna wake, ba Nchimunya, atsala kuno ndi ntchito yawo ya mageti.

Ndinayesa kuzungulira. Ndinati nanga chifuwa chija? Anatula chigubu n'kundigwira mapewa onse awiri. "Chinasila. Nachila, Luse, nachila!" Chimwemwe chake chinali chenicheni, cha munthu amene watula katundu. Sindinamuonepo choncho chaka chino.

Mawu anali pa lilime. Wapita kukatenga? Mawu awiri okha. Koma ndikanena, adziwa kuti ndaona dzina lake. Deborah pakamwa sasunga madzi. Pofika madzulo George yense adziwa kuti mayina a pa Senta akuwerengedwa ndi mwana wa amake Luse, ndipo Lachinayi pakhomo lakumbali sipalowa munthu. Ndiponso ndinalumbira. Ndiponso mwina ba Cathrine anamulembera kalata yokatengera mankhwala ku Mumbwa, ine ndingadziwe bwanji. Zifukwa ndili nazo zambiri, zonse zabwino.

Ndaimbira ba Cathrine kanayi. Foni yothima. Kumaliro.

Lachinayi, 19 Seputembala

Gulu linalo. Oyembekezeka 22, afika 17. Asanu ena.

Azimayi a mpingo akuti ndi netiweki, masiku ano magetsi akathima nayo imathima. Zomveka. Ndinayesanso pulogalamu yanga: ikutumiza, ikulandira. Ndiye netiweki ili bwino kwa ine ndekha?

Ndinakhala nthawi yaitali chala chili pa mbewa ya kompyuta, kansonga kali pa foda ya ba Kapembwa. Sindinatsegule. Ndinadziuza kuti ndikulemekeza pepala. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa.

Kamodemu katentha kwambiri. Ndakaika pa mbale ya dothi.

Loweruka, 21 Seputembala

Ndinamunyamulira chikwama mpaka pokwerera basi. Chiwaya cha vitumbuwa wasiyira amayi anga kuti azigwiritsa. Njira yonse nkhani za khanda, kuti akuti lili ndi tsitsi ngati la agogo ake, kuti azigona nalo chipinda chimodzi kuti mlamu apumuleko usiku. Anatsokomola kamodzi pamene lole inadutsa. Fumbi. Inenso ndinatsokomola.

Pokwera anandikumbatira. "Usanibele ba kasitoma, iwe wa mu ofesi."

Ndinati uyende bwino.

Tsiku lakhumi.

Lachiwiri, 24 Seputembala

Ba Cathrine anabwera dzulo, maso ofiira, mawu atatha. Lero asanakhale n'komwe, analowa mdala wina pakhomo lakutsogolo, osati lakumbali. Ba Chisala, mlonda wa pa sitolo ya simenti, nambala 9. Manyazi anawasiya kunyumba. Anaika foni patebulo ngati akuika mlandu.

"Munati osabwela kopanda meseji. Nayembekeza, nayembekeza. Mapilisi nenze kudula pakati kuti yafike. Manje yasila. Mwanichosa mu buku olo bwanji?"

Meseji yomaliza m'foni mwawo: 27 Ogasiti.

Ba Cathrine anatenga foni yawo n'kuyamba kuimbira onse osabwera aja, mmodzimmodzi. Yankho limodzi. Palibe meseji. Ena ankadikira. Atatu ankaganiza kuti amaliza, poti amene wamaliza mameseji amasiya kubwera. Mmodzi anachita kuthokoza Mulungu mu tchalitchi. Anthu khumi ndi awiri. Palibe amene anathawa, ndife tinawasiya.

Nambala 23 sikupezeka. Kalata ya ku Mumbwa kulibe, ba Cathrine sankadziwa n'komwe kuti wachoka. Ndinawauza ndine.

Anayang'ana kompyuta, kenako ine. "Unagwilako vintu va Kapembwa?" Ndinati iyayi. Pamene ndinkanena ndinkakhulupirira, koma osati thupi lonse.

Lachitatu, 25 Seputembala

Ndinaimbira Dumi pa nthawi ya nkhomaliro, ndili kutsogolo kwa kompyuta, ba Cathrine atatuluka. Ndinamufotokozera zonse motsatana kuti andiuze kuti si ine. Nditafika pa fulashi anandidula.

"Imilila. Unakopa venv pa fulashi?"

Ndinati inde, ndiye?

 

Ndiye anafotokoza, mosanyada ulendo uno. Chipinda chimasunga keyala ya pamene chinamangidwa. Mkati mwake munalembedwa njira ya pa laputopu yanga. Ukachisamutsira m'kompyuta ina, keyala ija kulibe. Ukachiyatsa dzina limatuluka bwinobwino, koma kompyuta ikafuna Python imapita ku keyala yosapezekayo, n'kubwerera kukatenga wa pabwalo. Ndi pip yemwe. Dzina la chipinda pamwamba, iwe uli panja. Chipinda sasamutsa. Umanyamula mndandanda wa mapakeji n'kumanga china pomwepo.

"Lemba which python, uniuze vamene yakamba."

Ndinalemba. (mayankho) ali pomwepo kumanzere. Yankho: /usr/bin/python. Wa pabwalo.

N'chifukwa chake tsiku lija inati pakeji ndi yakale. Fulashi inalibe mlandu. Inali pakeji ya ba Kapembwa imene inkaiona, ndipo ine ndinaiphimba ndi yanga. Mzere wachikasu uja unkandiuza zomwezo.

Ndinatsegula foda yawo, pepala lili pomwepo. Muli fayilo imene pulogalamu imalemba zochita zake, imene palibe amaiwerenga. Zaka zinayi mizere yoyera, yatumizidwa, yatumizidwa. Kuyambira 10 Seputembala: nambala yakanidwa, nambala yakanidwa. Zonse zokanidwa ndi zoyamba ndi ziro. Ba Kapembwa anasiya lamulo lolemba manambala kuyambira ndi 260, khodi ya dziko lathu, koma ba Cathrine akatopa amalemba mmene timatchulira, ndi ziro. Pakeji yakale inkalandira zonse. Yatsopano imataya za ziro, pa sikirini osanena kanthu.

Nambala ya Deborah ili pa mzere wachinayi. Ndimaidziwa pamtima.

Safunsa anadya phula. Dumi ndikanamupeza pa foni tsiku lija ngati lero. Funso limodzi. Ndinkafuna kuti aone kuti ndikhoza ndekha.



Lachinayi, 26 Seputembala

Kukonza kwatenga mphindi zitatu. pip uninstall, pakeji yanga kuchoka, yakale n'kuonekeranso pansi pake, yosakhudzidwa. Mphindi zitatu. Ndikanakonda zikanatenga sabata.

Ndinawauza ba Cathrine asanatsegule kabati. Anali atalemba kale kalata yodandaula kwa a netiweki, ili patebulo, yongodikira sitampa ya mpingo. Ndikanangokhala chete ikanapita, ndipo palibe akanadziwa. Ndinaganizapo, ndisaname, njira yonse yochokera kunyumba.

Anamvera mpaka kumapeto. Za chipinda ndi bwalo sindikudziwa ngati anamva. Anamva zakuti ndine. Anang'amba kalata ija pakati, kenako pakatinso. Ndinayamba kupepesa, anakweza dzanja. "Pepani sapoletsa chilonda. Vala nsapato. Vako tizakamba bantu bakapezeka."

Tsiku lonse m'tinjira ta George, iwo kutsogolo ndi chikwama, ine pambuyo. Ena anabwera okha atalandira foni Lachiwiri. Ena kuwapeza pakhomo, kunamizira kuti tikuitanira anthu ku msonkhano wa mpingo. Mayi wina anabisa paketi m'chitenje mwachangu ngati waba. Bambo wina anafunsa kuti, poti ndinachira, izi n'zachiyaninso? Ba Cathrine anakhala naye pa benchi ola lathunthu. Onse akayezedwanso makhololo, ena mwina ayambiranso pachiyambi. Palibe amene anadziwa kuti mtsikana wonyamula botolo la madziyo ndiye mwini tsoka lawo. Mmodzi anandipatsa mpando.

Lachisanu, 27 Seputembala

Apezeka khumi ndi mmodzi.

Masana ndinamanga zipinda ziwiri m'kompyuta momwemo, monga zimayenera. Chimodzi cha pulogalamu yanga, china cha ya ba Kapembwa, chilichonse ndi mndandanda wa mapakeji ake ndi mitundu yake yeniyeni. Mapakejiwo Dumi anandiikira pa fulashi n'kutumiza ndi basi, mapakeji okha, osati chipinda. Pa chilichonse ndinalemba which python katatu. Manambala a ziro ndinawakonza onse. Ndinaonjezanso kuti meseji ikakanidwa sikirini izifiira. Ntchito yaukhondo, Dumi angaiyamikire. Kutseka khola mbuzi zitatuluka.

Loweruka, 28 Seputembala

Kwa ba Nchimunya, pa shedi yawo ya mageti. Ba Cathrine anandichenjeza kuti mwamunayo sadziwa, Deborah anapempha choncho kuyambira tsiku loyamba. Ndiye bodza lina: amayi akufuna kufunsa muyeso wa yisiti wa vitumbuwa.

Anaseka. "Yisiti? Mulamu, uja ali ku mushi, netiweki ni pa chulu chabe pafupi na sukulu." Foni ya Deborah akuti inafa batire, kulibe kotchajira. Anandipatsa nambala ya mlongo wawo, amake khanda uja, ndi dzina la mudzi. Anati ndimuuze Deborah kuti asazolowere kumeneko. Munthu wabwino, anandiperekeza mpaka pamsewu, zimene zinandipweteka koposa.

Ndaimba kasanu ndi kawiri. Ndatumiza meseji: Deborah andiimbire, ndi Luse, n'zofulumira.

Ba Cathrine alemba kalata yopita ku chipatala cha kumeneko. Akayezedwe, khandanso alione. Koma pafunika munthu wopita ndi kalatayo ndi paketi, ndi woti Deborah amumvere. Iwo sangasiye Senta sabata ino. Ndinati ndipita ine.  "Pali ili zina limozi nakumasula pa lumbilo. Koma ziba ati angakuzonde, angadane na iwe."

Tsiku la 17.

Lamulungu, 29 Seputembala

Palibe. Ku tchalitchi foni m'manja, abusa anandiona. Amayi akazinga vitumbuwa m'chiwaya chija, zapsa kunja, mkati zosapsa.

Lolemba, 30 Seputembala

Anaimba cha m'ma 4 koloko masana. Mphepo ya pa chulu m'foni, khanda likulira chapafupi, ndiye kuti analibereka kumbuyo. Mawu osangalala. Anayamba ndi kundiseka za yisiti, ba Nchimunya anali atauza kale mlongo wawo.

Ndinanena zonse mwakamodzi kuopa kuti netiweki ingadule. Kuti sunamalize. Kuti kwatsala mwezi ndi theka. Kuti meseji yako inalembedwa koma sinatuluke, ndipo amene anaitsekereza ndine. Kuti uyenera kuyezedwa, ndi mwanayo.

  Ndinkadikira kuti anditukwane za kompyuta. Za kompyuta sanafunse n'komwe.

"Unaziba liti?"

Ndinati tsiku loyamba pa Senta.

"Pa kiyosiki paja, pamene nenze kukuuza ati nachila, wenze uziba?"

Ndinati ndinkadziwa kuti sunabwere kudzatenga.

"Unaninyamulila chola, Luse. Nakuuza ati nizagona na mwana. Iwe ati yenda bwino."

Ndinayamba za lumbiro, za Baibulo, za anthu ena a pa mndandanda. M'kamwa mwanga momwe zinkamveka zopepuka. Anatsokomola. Osati kamodzi. Chifuwa chija chochokera pansi chimene ndinkachiuza mandimu. Chitatha anapuma kawiri, foni n'kuduka.

Patapita mphindi khumi, meseji ya pa nambala ya mlamu: Usabwele.

Lachiwiri, 1 Okutobala

Pa siteshoni ya mabasi a ku Mumbwa, 7 koloko m'mawa. Kiyi wa ofesi ndasiyira ba Cathrine, sanandiuze ngati ndidzamutengenso, inenso sindinafunse. Kamodemu kakhala kakuphethira panopa. Onse a gulu la sabata ino alandira lero, ya nambala 23 idzapita sabata yamawa, ku foni yakufa.

Tsiku la 20. Paketi ndi kalata zili m'chikwama pamiyendo panga. Ndamuyankha kuti ndikubwera. Sanayankhe.

Kwa apongozi ndikanena kuti ndabwera kudzaona khanda, ndagula sopo ndi kachipewa. Kwa iye ndilibe chonena, zonse ndinanena mochedwa. Akanditsekera chitseko ndikhala pakhonde. Adane nane mpaka kukalamba, bola akalambe.

Basi yadzaza. Kondakitala akufunsa kotsikira, ndamuuza dzina la mudzi, akuti midzi ya dzina limenelo ilipo iwiri, wina uku wina uko. Yayamba kuyenda, sindithanso kulemba